Ine ndinaperekapo umboni, ndimveni

Achimwene, positi yanuyi ndawerenga thupi likuchita tsemwe. Zoti mwaona munthu akuwomberedwa ndiye mukaonekere kupolisi nokhanokha, ayi, dikirani kaye. Ine zinandionekera.

Ndinkagulitsa zipatso pafupi ndi renki ya matekisi kuno ku Joni. M'mawa wina bambo wina mwini matekisi anaima patebulo panga kugula nthochi. Anali atangondipatsa R20, ine ndikusaka chenji m'thumba. Mnyamata anatsika m'galimoto yoyera, chipewa chofika m'maso, akuyenda ngati wotumidwa buledi. Phuu! Phuu! Phuu! Bambo aja anagwera patebulo, malalanje mbwee mumsewu, magazi pansapato zanga. Mnyamatayo anandiyang'ana m'maso, n'kubwerera kugalimoto osathamanga n'komwe. R20 ija ndinadzaizindikira madzulo, ndinali nditaifumbatabe.

Kuno anthu otere amawatchula izinkabi, akupha aganyu. Salimbana nawe, amangogwira ntchito imene alipidwa.

Ine ndi mtima wanga wachikhristu ndinakapereka sitetimenti. Wapolisi amene ndinamupezayo, Mulungu amuone! Asanafunse za wakufayo anayamba ndi pasipoti yanga. Analemba dzina, nambala ya foni, ngakhale chipinda chomwe ndinkagona. Patangotha masiku atatu foni inalira, mawu achilendo akunditchula dzina, akunena mtundu wa chitseko changa. Anawapatsa ndani? Ndinathawa usiku womwewo, kusiya bedi, firiji ndi tebulo lomwe linkadyetsa ana anga ku Mangochi. Mpaka lero njinga yamoto ikaphulitsa kumbuyo kwanga miyendo imalobodoka.

Chimandiwawa n'chakuti wakuphayo ndi amene amatetezedwa. Mukumukumbukira Mikey Schultz? Anali wankhonya komanso bawunsa m'malo azisangalalo. Mu 2010 anaima m'khoti n'kuvomera ndi pakamwa pake kuti ndi iye anawombera Brett Kebble, mkulu wa migodi uja, mu September 2005 ku Melrose, kuno ku Joni, ali ndi anzake Nigel McGurk ndi Faizel Smith. Anati Kebble anachita kufuna yekha kuphedwa, mpaka anafotokoza zoti mfuti inayamba yakana kulira. Poti anali mboni za boma pamlandu wa Glenn Agliotti, amene ankazengedwa mlandu wa imfa ya Kebble, atatu onsewo sanaimbidwe mlandu wakuphawo, ndipo Agliotti naye khoti linamumasula. Nanga Babita Deokaran, amene anaulula zakuba kuunduna wa zaumoyo ku Gauteng? Anamuwombera pakhomo pake mu August 2021. Anthu 6 anamangidwa, koma amene anawatuma ali kuti?

Komabe kukhala chete nako kumadya munthu. Wakufayo ali ndi ana ngati ife, ndipo ndikanapanda kunena sindikanagona tulo. Kanenenitu, koma pitani ndi loya, ndipo musanasaine kalikonse funsani za chitetezo cha mboni, chilipo m'malamulo a dziko lino. Samukani kaye, sinthani simu. Ndipo positi yanuyi ifufuteni lero lomwe, mwatchulamo msewu.