Kwa achemwali ofunsa za ulendo wa ku Vilankulo ndi zilumba za Bazaruto

Achemwali, mwafunsa ngati mungapite ndi ana ku Vilankulo, ku Mozambique, pa tchuthi cha Disembala, komanso ngati kuli bwino kukagona m'tauni kapena pachilumba penipeni. Ine ndikuti kagoneni m'tauni, ku zilumba muzikapita m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo ngati mungathe, ulendowu usunthireni ku tchuthi cha Ogasiti.

Ndiyambe ndi nyengo chifukwa ndi imene ikundidetsa nkhawa. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kugombe kumeneku kumatentha kwambiri, ndipo ndiyo nyengo ya anamondwe. Namondwe Favio anasasula madenga m'tauniyi mu Febuluwale 2007. Freddy uja anatiliza m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, asanatipeze ife anayamba watera kufupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale. Sikuti Disembala aliyense kumagwa zoopsa, ayi. Koma mphepo ikangolimba maboti sanyamuka, inu n'kumangokhala pamalo ogona ndalama zikutha, zilumba mukuzionera patali. Ndi mwezi womwewonso umene alendo ochokera ku South Africa amakhamukirako, moti malo ogona amadula. Pakati pa Meyi ndi Okutobala kumakhala kouma, kotentha pang'ono, ndipo cha mu Ogasiti anamgumi amakhala akudutsa m'nyanjamo.

Chimene ndikufuna muchimvetsetse musananyamuke ndi khalidwe la madzi. Ife tinazolowera nyanja yathu: pamene madzi anali m'mawa ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, madzulo mudzawapeza pompo. Nyanja yamchere sitero. Kawiri pa tsiku madzi amaphwa n'kuthawira kutali, kawiri pa tsiku amabwereranso, ndipo amaphwa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Ku Vilankulo akaphwa mumaona maboti atagona cham'mbali pamchenga, amayi akutola nkhanu ndi nkhono pomwe kanthawi kapitako panali madzi omiza munthu. Ndi zokongola zedi, ndipo ana amathamangira komweko. Vuto lake madzi pobwera amayamba kudzaza m'makwawa a kumbuyo kwanu, munthu n'kupezeka watsala pakachulu ka mchenga pakati pa madzi. Tsiku lililonse funsani eni malo ogona nthawi imene madzi abwerere, ndipo ana asamapite kutali okha. Ngakhale nthawi yonyamukira boti saikhazikitsa ndi wotchi yokha. Woyendetsa akati tinyamuke m'bandakucha, musakangane naye, akudziwa kuti mukachedwa boti likakhala pamchenga.

Zilumbazo zilipo zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono ka Bangué. Zambiri ndi milu ya mchenga imene inandanda kutsogolo kwa gombe, n'kumatchinga mafunde akuluakulu a nyanja ya Indian. N'chifukwa chake mbali yoyang'ana ku tauni madzi ndi odekha, osaya, pamene kuseri kwa zilumba mafunde amaomba mwaukali. M'madzi odekhawo mumamera udzu wa pansi pa nyanja umene imadya dugong, nyama yofatsa yoyamwitsa imene kum'mawa kwa Africa kuno yatsala pang'ono kutheratu, ndipo gulu lalikulu lomwe latsala lili pomwepa. Malowa anawasandutsa paki yotetezedwa mu 1971, ndipo kuyambira 2017 boma la Mozambique limawayang'anira mogwirizana ndi African Parks, bungwe lomwe lija likusamala Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Choncho pali ndalama yolowera m'paki. Pokambirana mtengo wa boti, funsani ngati ndalamayo ili momwemo kapena mukalipira payokha.

Mahotela a pa Bazaruto ndi Benguerra ndi okwera mtengo kwambiri, moti ndalama ya usiku umodzi ingakusungeni masiku angapo m'tauni, chikhalirecho mchenga ndi madzi zimene mukaone masana ndi zomwezo. Poti muli ndi ana, yambani ndi Magaruque. Ndi chilumba chimene chili pafupi ndi tauni, mukhoza kupitako pa chombo cha thanga, ndipo nsomba zamawangamawanga zimaoneka pafupi ndi gombe. Tsiku lina mukakwere boti la injini kupita ku Bazaruto, mukakwere phiri la mchenga la kummwera kwa chilumbacho. Kukwera kwake n'kotopetsa, mchenga umawotcha mapazi, koma mukafika pamwamba mumaona madzi obiriwira, oyera ndi abuluu atalukanalukana mpaka ku Benguerra. Kumeneko musakuphonye. Kosambira koonera nsomba ku Two Mile Reef madzi amakoka, ndi kwa odziwa kusambira okha. M'tinyanja ta madzi opanda mchere ta m'kati mwa Bazaruto muli ng'ona, musalowemo. Boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ana omwe, musakwere ngakhale litchipe bwanji. Mthunzi ndi wosowa, tengani zipewa ndi madzi akumwa ambiri. Zigoba za akamba am'madzi wina akakutsatsani, kanani.

Za msewu: mukatulukira pa Mwanza ndi Zobue, mudutsa Tete, Chimoio, Inchope, kenako kutsika ndi msewu waukulu wa EN1 kuwoloka mtsinje wa Save mpaka pa Pambara pokhotera ku Vilankulo. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita opitirira 1,000, ndiye konzani zogona panjira, ku Chimoio kuli bwino, ndipo musayende usiku. Mapasipoti a aliyense, makalata a galimoto ndi inshuwalansi ya ku Mozambique zikhale m'manja. Ku Tete Chinyanja chikuthandizani, koma kutsogoloko ndi Chipwitikizi ndi Chitswa, choncho phunzirani moni ndi manambala. Ndege ziliko zochokera ku Johannesburg ndi Maputo.

Chakudya musade nacho nkhawa. Nsima iliko, amaitchula xima, ndipo matapa ndi chigwada chotendera chothira mkaka wa kokonati, nthawi zina ndi nkhanu. Tsabola wa piri-piri muwauze aike pambali chifukwa cha ana. Udzudzu uliko chaka chonse, ndiye posungitsa malo ogona funsani ngati bedi lililonse lili ndi neti.