Yankho pa funso la makapu, masupuni ndi milu ya tomato mu pulogalamu yowerengera michere ya m'zakudya

Achemwali, ngati ndamva bwino funso lanu, mukulemba pulogalamu yowerengera michere ya m'zakudya zimene timaphika kuno ku Zomba, koma mwaima pa nkhani ya miyeso, chifukwa amayi amene akukufotokozerani kaphikidwe akutchula makapu, masupuni, milu ndi mitanda, pamene mabuku a michere amatchula magalamu okhaokha. Mwafunsanso ngati n'koyenera kuika nambala imodzi yosinthira kapu kukhala magalamu. Pamenepo ndikukana ndithu, ndipo chifukwa chake ndi chimene chiyenera kutsogolera kamangidwe ka pulogalamu yonse.

Kapu imayeza malo amene chinthu chatenga, siyeza kulemera. Kapu ya mamililita 250 ikadzaza madzi imalemera magalamu 250, ikadzaza mafuta ophikira imalemera pafupifupi magalamu 230, ya shuga ndi pafupifupi 210, koma ya ufa wa tirigu ndi pafupifupi 130 basi. Mukaika nambala imodzi ya madziyo, ufa uliwonse umene wayezedwa ndi kapu udzawerengedwa pafupifupi kawiri, ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni, chifukwa zotsatira zake zidzaoneka zaukhondo pa kompyuta. Choncho nambala yosinthira si ya kapu payokha, koma ya kapu pamodzi ndi chakudya chimene chili m'kapumo. Mukufunika tebulo lapadera limene mzere uliwonse ukunena chakudya, dzina la muyeso, magalamu ake, ndi kumene nambalayo yachokera. Mgaiwa, ufa woyera ndi nsinjiro, chilichonse chikhale ndi mzere wakewake, ndipo mulembenso ngati kapuyo inali yosefukira kapena yosalazidwa pamwamba, ngati ufawo unatsenderedwa kapena ayi.

Ngakhale makapu a m'mabuku akunja safanana. Kapu ya ku America ndi mamililita pafupifupi 237, ngakhale kuti pa zolemba za michere pa mapaketi a kumeneko amaiwerengera 240, pamene ya ku Australia ndi 250. Supuni yaikulu m'maiko ambiri ndi mamililita 15, koma ku Australia ndi 20. Pa mafuta ophikira kusiyana kumeneku n'kwakukulu, popeza supuni imodzi ya mamililita 15 imakhala ndi ma kcal (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120. Mukakumana ndi ounce, dziwani kuti ilipo ya kulemera, imene ndi magalamu 28.35, ndiponso ya zamadzimadzi, imene ku America ndi mamililita 29.57 ndipo ku Britain ndi 28.41. Izi nzosavuta, ingoziikani m'tebulo lokhazikika, aliyense muyeso wake ndi dzina lake.

Ntchito yeniyeni ili pa miyeso yathu. Buku la michere ya zakudya za ku Malawi limene linatuluka mu 2019, limene anthu a ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Lilongwe, anagwira nawo ntchito yolikonza, limapereka michere pa magalamu 100 a gawo lodyedwa la chakudya, ndipo ndilo muyenera kuyambira m'malo mothamangira FoodData Central, nkhokwe ya michere ya zakudya ya ku America, imene sidziwa matemba a ku nyanja ya Chilwa. FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ilinso ndi mndandanda wa mu 2012 wosonyeza kulemera kwa zakudya zosiyanasiyana pa mililita imodzi, umene ungakuthandizeni pa uchi, mkaka ndi zina zotere. Koma palibe buku limene lingakuuzeni kulemera kwa mulu wa tomato wa mu msika wa Zomba, chifukwa muluwo umakula nthawi ya tomato wambiri ndipo umachepa tomato akasowa, mtengo wake osasintha. N'chimodzimodzi ndi mpukutu wa nkhwani, mbale ya usipa ndi kachubu ka mafuta kogula pa okala. Pezani sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu imodziimodzi, muyeze muyeso uliwonse kangapo kwa ogulitsa osiyanasiyana, musunge nambala yapakati, ndipo mulembe mwezi umene mwayeza. Kwa ine, ndi bwino kukhala ndi mulu waung'ono, wapakati ndi waukulu kusiyana ndi kunamizira kuti mulu ndi umodzi. Miyeso yotchulidwa ndi ndalama, monga akuti tomato wa ndalama zakutizakuti, musailandire n'komwe, chifukwa pakangopita miyezi yochepa tanthauzo lake lasintha.

Mukasintha kukhala magalamu, musafufute zimene wophikayo ananena. Sungani zonse ziwiri, mawu ake oti makapu awiri ndi theka, ndiponso magalamu amene pulogalamu yapeza, kuti tsiku limene mudzakonze nambala ya m'tebulo kaphikidwe konse kadzawerengedwenso mosavuta. Pulogalamu ikakumana ndi muyeso umene ulibe mzere m'tebulo, iime ndi kufunsa munthu. Isangoganizira, ndipo isaike ziro mwakachetechete.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabisala kumbuyo kwa magalamu enieniwo. Choyamba ndi gawo lotayidwa. Nthochi imene yayezedwa ndi khungu lake imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ikasendedwa, chinangwa chimataya makoko, chambo chimataya minga ndi mamba, pamene usipa ndi matemba timadya zathunthu. Mzere uliwonse uzinena ngati kulemerako n'kwa chinthu monga chagulidwira kapena monga chikulowera mumphika. Chachiwiri, chimene ndi chachikulu kwa ife odya nsima, ndi kusiyana kwa chosaphika ndi chophika. Tiyerekeze kuti mwaphika ufa wa magalamu 500, umene pa ma kcal pafupifupi 360 pa magalamu 100 ukupereka 1,800 onse pamodzi, ndipo nsima imene mwaomola yalemera magalamu 1,500. Ndiye kuti magalamu 100 a nsimayo ali ndi ma kcal 120, ndipo mtanda wa magalamu 300 uli ndi 360. Pulogalamu ikatenga magalamu 300 omwewo n'kuwawerengera pa mzere wa ufa wosaphika, ipereka 1,080, kutanthauza kuti munthu wodwala shuga kapena mayi wa mwana wonyentchera alandira uphungu wolakwika katatu. Mpunga ndi nyemba zouma nazonso zimamwa madzi n'kulemera kuposa kawiri, pamene nyama ndi masamba zimanyala. Choncho kaphikidwe kalikonse kakhale ndi malo olembapo kulemera kwa chakudya chikapsa, ndipo gawo la munthu mmodzi liwerengedwe kuchokera pamenepo, osati kungogawa ndi chiwerengero cha anthu a m'banjamo, popeza mtanda wa bambo ndi wa mwana sufanana. Ofuna kulondoloza kwambiri angachotserenso nkhoko zotsalira mumphika, ngakhale ine sindingavutike nazo poyamba.

Michere yeniyeniyo nayonso ili ndi miyeso yake imene imasokoneza. Chitsulo cha m'magazi chimalembedwa mu mg (mamiligalamu), vitamini A mu µg (mamayikulogalamu), ndipo mg imodzi ndi µg 1,000, kotero kuti chilembo chimodzi chikasokonekera polowetsa kuchokera mu Excel, nambala yonse yapita. Kcal imodzi ndi kJ 4.184, ndipo kJ ndi muyeso wina wa mphamvu yomweyo. Mchere wa patebulo ndi sodium si chinthu chimodzi: magalamu 5 a mchere, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafikepo pa tsiku, ali ndi sodium pafupifupi magalamu 2, ndipo supuni yaing'ono imodzi yosalazidwa ya mchere wosalala imalemera kale pafupifupi magalamu 6. Mawu akuti thirani mchere pang'ono muwapatse nambala yoyezedwa kapena muwaike chizindikiro choonekera kwa wowerenga. Pa masamu onsewa musadule manambala a pambuyo pa kadontho pakati pa ntchito. Sungani nambala yathunthu mpaka kumapeto, ndipo muidule pokhapokha pamene mukuionetsa pa foni kapena pa pepala.