Adziwa bwanji kuti ku Karonga kunali mtsinje nthawi ya Malawisaurus?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene anapita ku museum ya ku Karonga kukaona mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur, ndiye anauzidwa kuti chinyamachi chinkakhala m'mbali mwa mitsinje zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Akufunsa kuti, "Analipo ndani kuti adziwe zimenezi? Si zongopeka izi?"

Ayi achimwene, si zopeka. Nkhani yeniyeni ili m'miyala momwe mafupawo anakwiririkamo. Miyala ya ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga, komwe anafukula mafupawo, imene akatswiri amaitcha Dinosaur Beds, ndi mchenga ndi matope zomwe zinaunjikana mosanjikizana mpaka kulimba, ndipo zapansi ndiye zakale kuposa zapamwamba.

Yesani izi madzi akaphwera: kumbani dzenje pamchenga wa mumtsinje ndi khasu, kenako yang'anani khoma la dzenjelo. Muona timizere topendekeka, tonse totsetserekera komwe madzi amalowera. Timizere tomweto timapezeka m'miyala ya zaka mamiliyoni ngati ya ku Mwakasyunguti ija, ndiye munthu amangoika kampasi nkudziwa kuti mtsinjewo unkalowera chakuti. Madzi othamanga amasiya nsangalabwi ndi mchenga wokhakhala, madzi odekha ngati a panyanja kapena padambo amasiya matope osalala, pomwe mchenga wa mphepo umakhala wofanana kukula, wobulungira bwinobwino.

Pamwamba pa Dinosaur Beds pali miyala ina yotchedwa Chiwondo Beds, momwe muli nkhono, mafupa a nsomba ndi ng'ona, kusonyeza kuti apa nyanja ya Malawi inali itafika tsopano. M'menemo ndi momwe anapeza chibwano cha munthu wamakedzana wotchedwa Homo rudolfensis ku Uraha, ku Karonga komweko, mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Koma chomwe chimandidabwitsa ine ndi chakuti amatha kudziwanso komwe mchengawo unachokera, eti. Mumchenga mumakhala timiyala ta zircon, tochepetsetsa toti kutiona bwino mpaka maikulosikopu, tolimba koopsa moti mtsinje ungatigubuduze bwanji sitiphwanyika wamba. Mkati mwake muli uranium yemwe amasanduka lead (mtovu) pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, ndiye ku labu amayeza kambewu kalikonse nkupeza zaka zake, kenako amafufuza mapiri okhala ndi miyala ya zaka zomwezo. Ku America anachita zimenezi ndi mwala wa mchenga wotchedwa Navajo Sandstone wa ku Utah, komwe kale kunali chipululu cha milu ya mchenga, nkupeza kuti mchenga wambiri unachokera ku mapiri a Appalachian, kum'mawa kwenikweni kwa dzikolo, mitsinje itaunyamula makilomita masauzande.

Pomwe kukayika kwanu kuli ndi mfundo ndi apa: miyalayi siisunga zonse. Pakati pa Dinosaur Beds ndi Chiwondo Beds pakusowa zaka mamiliyoni ambirimbiri, mwina matope a nthawiyo anakokoloka kapena sanaunjikane nkomwe, ndiye za nyengo imeneyo akatswiri amakazifufuza m'miyala ya madera ena monga ku Rukwa ku Tanzania.