Zoom blur mu After Effects: chimbuuzi chizitsata liwiro

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Chibavi mu Mzuzu amene amajambula makanema a maukwati ndi makwaya n'kumawakonza mu pulogalamu ya After Effects. Akuti: "Ndimafuna kanema akamachoka pa chithunzi china kupita pa china azioneka ngati kamera yathamangira m'kati, mizere ili kuwazika kuchokera pakati. Ndikaika Radial Blur chithunzi chimangochita mbuu, m'mbali mukutuluka mdima, ndipo laputopu ikulemedwa. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, zikomo polemba. Vuto lalikulu ndi lakuti mwaika chimbuuzi (blur) pa chithunzi chimene chaima. Diso limavomereza mizere ija pokhapokha chithunzi chikukula mothamanga, ndipo mizereyo iyenera kutalika pamene liwiro lakwera, n'kufupika pamene latsika. Ndiye yambani ndi kayendedwe, blur abwere pambuyo.

Tinene kuti composition yanu (malo amene mukusanjiramo kanema) ndi 1920 x 1080, mafulemu 25 pa sekondi, ndipo mukuchoka pa galimoto za akwati zikuzungulira pa Katoto kupita pa nkhope ya mkwatibwi m'tchalitchi. Ikani makanema awiriwo mogundana. Dinani Ctrl+Alt+Y kuti mupange adjustment layer (leya imene ma effect ake amakhudza zonse zili pansi pake) pamwamba pa makanemawo, muidule kuti iyambe mafulemu 6 kusanafike podukiza, ithe mafulemu 6 patsogolo pake. Onse pamodzi ndi 12, pafupifupi theka la sekondi. Kupyola apo woonera amayamba kumva chizungulire. Kenako imani ndendende podukizapo, mudine Ctrl+Shift+D kuti leya ija igawike pawiri. Kugawaku musakudumphe, chifukwa chake ndichitchula pansipa.

Pa zigawo zonse ziwiri ikani ma effect awiri motsatana chonchi: Motion Tile pamwamba, Transform pansi. Transform amene ndikunena ndi wa mu Effect > Distort, osati uja wotuluka mukadina S pa leya. Pa chigawo choyamba, Scale ayambe pa 100 n'kukathera pa 300. Pa chachiwiri ayambe pa 40 n'kukathera pa 100. Mukatero zithunzi zonse ziwiri zikukula, ndipo diso limaona ngati ndi ulendo umodzi wolowera m'kati. Mukanachita zonsezi pa leya imodzi, Scale akanagwa kuchoka pa 300 kufika pa 40 pa fulemu imodzi, pulogalamu n'kuyesa kuti kumeneko n'kuyenda, n'kukupakirani fulemu yonyansa pakati.

Mdima wa m'mbali ngati uja umabweranso pa chigawo chachiwiri, poti chithunzi chikakhala pa 40 sichidzaza sikirini. Ntchito ya Motion Tile ndi imeneyo: Output Width ndi Output Height ikani pa 300, muchonge Mirror Edges. Amatenga chithunzi n'kuchibwereza m'mbali ngati pagalasi, ndipo pa liwiro limeneli palibe amazindikira. Mukaona mdima udakalipo, yang'anani dongosolo lake. Kawirikawiri Motion Tile amakhala wagwera pansi pa Transform.

Tsopano mizere. Mu Transform chotsani chongi pa Use Composition's Shutter Angle, kenako Shutter Angle muike pa 180. Mukafuna michira italiitali kwezani mpaka 360. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti chimbuuzi chikuwerengedwa kuchokera pa kayendedwe kenikeni, ndiye simuvutika kuchiyendetsa pachokha. Ine ndimaona kuti 180 amakwana pa ukwati, 360 ndi wa nyimbo zovina.

Pamene ambiri amagwa ndi pa liwiro. Keyframe (zizindikiro za pomwe Scale ayambira ndi pomwe athera) zikasiyidwa momwe zabadwira, Scale amayenda liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo zimaoneka zouma. Sankhani keyframe zonse, dinani F9, mutsegule Graph Editor ndi Shift+F3, musankhe Edit Speed Graph. Pa chigawo choyamba kokani chogwirira cha keyframe yoyamba kupita kumanja mpaka kumapeto, kuti phiri la liwiro likatsamire podukiza. Pa chachiwiri chitani motembenuza: kokani chogwirira cha keyframe yomaliza kupita kumanzere, kuti chithunzi chilowe mwaukali n'kukhazikika pang'onopang'ono. Mukayang'ana ma graph awiriwo pamodzi, nsonga yawo ikhale imodzi, pamalo podukiza. Yendani fulemu imodziimodzi ndi Page Down: mafulemu awiri apakati nkhope isazindikirike n'komwe, koma yoyamba ndi yomaliza zikhale zooneka bwino.

Nanga nkhope ikakhala kuti siili pakati? Pakati pa composition yanu ndi 960, 540. Ngati mkwatibwi ali cha kumanja, sunthani Anchor Point ya mu Transform ifike pa mphuno yake, kenako manambala omwewo muwalembenso pa Position. Mukasuntha chimodzi chokha chithunzi chonse chimaseseleka.

Radial Blur wanu uja sikuti ndi woipa, koma amabwera ali pa Spin, ndiye Type muyenera kusintha ikhale Zoom. Antialiasing akakhala pa Low amatulutsa timchenga, pa High amalemetsa kompyuta. Wopepukirapo ndi CC Radial Fast Blur. Ngati mizere ya Transform yakucheperani, muwonjezeni pansi pake: Amount 0 poyamba, pafupifupi 70 podukiza, 0 pomaliza, ndipo Center akhale pamalo omwe mwaika Anchor Point. Zoom wa mu CC Radial Fast Blur mukamuika pa Brightest malo owala ndi amene amatambasuka, zomwe zimakongola pa diresi loyera ndi pa mawindo a tchalitchi, koma pa kanema wojambula kunja tsiku la mitambo yoyera ngati za kuno zimayeretsa chithunzi chonse. Pamenepo siyani pa Standard.

Za laputopu: pokonza tsitsani preview ikhale pa Half kapena Quarter, ndipo dinani B ndi N kuti work area (kachigawo kamene pulogalamu imakusewererani) ikhale pa masekondi awiri okha. Kumwamba kukamaoneka mikwingwirima ngati masitepe m'malo mosalala, gwirani Alt mudine pamene palembedwa 8 bpc pansi pa Project panel kuti pakhale 16 bpc, koma chitani zimenezi pomaliza chifukwa zimawonjezera katundu. Ctrl+S musamuiwale, magetsi sachenjeza.

China chimene chimasokoneza ndi makanema a pafoni amene achibale amakupatsani. Ambiri amakhala pa mafulemu 30, ena liwiro la mafulemu limasinthasintha m'kati mwa kanema yemweyo, ndipo podukiza pamatha kudumpha. Ayambeni mwawatembenuza mu Media Encoder kapena HandBrake akhale pa 25 yokhazikika. Ndipo musanapereke ntchito kwa eni ukwati, dzitumizireni kachidutswa pa WhatsApp muone pafoni, chifukwa akaupanikiza kanema, mafulemu othamanga ngati awa ndi amene amayamba kusweka timabokosi. Mukaona choncho, tsitsani Amount kufika pa 40 kapena chotsani CC Radial Fast Blur, musiye Transform yekha.