Kwa amene akudziwa solfa koma akufuna kugwira kiyibodi

Achemwali, mwati mumayimba mu kwaya, solfa mumaidziwa bwino, koma mukufuna kuphunzira kiyibodi ndi kuwerenga manotsi a m'mizere, ndiye mukufunsa poyambira. Solfayo musaitaye. Munthu wodziwa d r m f s l t ali kale ndi khutu, chinthu chimene ena amachisaka miyezi yambiri. Chakutsalirani n'kuphunzitsa zala ndi maso zimene khutulo likudziwa kale.

Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, koma poyambira kiyibodi ya makiyi 61 ndi yokwana. Yochepera apo musagule, manja awiri sakwanamo. Ikhale ndi touch response, kuti mukadinda mwamphamvu izilira mokweza, mukadinda mofatsa izilira motsika. Ngati mukutumitsa kwa abale aku Joni, muwauze kuti ibwere ndi adaputa yakeyake. Yamaha zambiri zazing'ono zimafuna 12V, Casio zambiri 9.5V, ndipo chizindikiro cha + ndi - pa adaputa chifanane ndi chimene chili kumbuyo kwa kiyibodi. Adaputa yongotola pamsika imawotcha chida. Magetsi akathima zulani pasoketi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera mwamphamvu. Ndipo kuno ku Mangochi, ndi dzuwa lathuli, musaisiye pawindo kapena m'galimoto. Muziiphimba ndi chitenje, fumbi ndi mchenga zikalowa pansi pa makiyi ena amasiya kulira, komanso mphemvu zimakonda kubisala m'katimo.

Tsopano yang'anani makiyi akuda. Ali m'magulu, awiri, atatu, awiri, atatu. Kiyi yoyera yomwe ili kumanzere kwa awiriwo ndi C, ya kumanzere kwa atatuwo ndi F. C amene ali chapakati pa kiyibodi ndiye poyambira panu. Musalembe zilembo pamakiyi ndi maka. Maso amazolowera kuwerenga zolembazo, tsiku lopatsidwa kiyibodi ya kutchalitchi mumasochera.

Zala zili ndi manambala, chachikulu ndi 1, chaching'ono ndi 5, manja onse. Zikhale zopindika ngati mwagwira lalanje, mkono usagwere pansi. Kuchoka pa C kukafika pa C wotsatira, dzanja lamanja limayenda 1 2 3 1 2 3 4 5: mukafika pa E, chala chachikulu chimadutsa pansi pa zinazo kukagwira F. Lamanzere ndi 5 4 3 2 1 3 2 1. Poyimba muzitchula pakamwa do re mi. Ambiri amalumpha ndi dzanja lonse m'malo modutsitsa chala, ndiye nyimbo imaduka pakati.

Za mizere. Ilipo isanu ndi mipata inayi, ndipo timawerenga kuchokera pansi. Pa treble clef, ya dzanja lamanja, mizere ndi E G B D F, mipata F A C E. Pa bass clef, ya lamanzere, mizere ndi G B D F A, mipata A C E G. C wapakati uja amakhala pa kamzere kakekake pakati pa magulu awiriwa. Koma musavutike kuloweza zonsezi ngati ndakatulo. Pezani pomwe pali do, basi. Do akakhala pamzere, mi ndi so alinso pamizere yotsatira; akakhala mumpata, mi ndi so ali m'mipata. Kuti mumupeze, onani zizindikiro zakumayambiriro: ngati pali ma sharp (♯, chizindikiro chokweza notsi pang'ono), womaliza kumanja ndi ti, do ali pamwamba pake penipeni, ngati pali ma flat (♭, chizindikiro chotsitsa notsi pang'ono), womaliza ndi fa, tsikani fa mi re do. Popanda chizindikiro chilichonse do ndi C. Tengani nyimbo ya m'buku imene mumaidziwa kale mu solfa, muiwerenge m'mizere mwa njira imeneyi, muona kuti ndi chinthu chimodzi cholembedwa mosiyana.

Kumene anthu ambiri amagwa si pa manotsi, ndi pa kawerengedwe ka nthawi. Notsi yoyera yopanda mwendo imatenga kugunda 4, yoyera ya mwendo 2, yakuda ya mwendo 1, yakuda ya kambendera theka. Kadontho pambali pake kamawonjezera theka la utali wake. Musanagwire kiyi, ombani m'manja mukuwerenga mokweza. Kiyibodi zambiri zili ndi metronome, kachipangizo kogunda mofanana kuti musunge liwiro. Ikani pa 60. Dzanja lililonse palokha kaye, mabala anayi okha (bala ndi kachigawo ka pakati pa timizere tiwiri toimirira), kenako pamodzi. Mukalakwitsa pamalo amodzi kawiri, ndiye kuti mukuthamanga. Tsitsani liwiro, ndipo musabwerere kumayambiriro kwa nyimbo, bwerezani malo ovutawo.

Poperekeza kwaya, makodi atatu (kodi ndi manotsi odindidwa pamodzi) amanyamula nyimbo zambiri: d m s, f l d, ndi s t r. Mu C ndiwo C E G, F A C, G B D. Apa mpomwe pali msampha umene wagwira oyimba ambiri m'matchalitchi mwathu, batani la transpose, lomwe limakweza kapena kutsitsa nyimbo inu mukudinda makiyi omwewo. Munthu amadziwa kuyimba mu kiyi imodzi yokha, monga C, n'kumangodinda batanilo zaka ndi zaka. Wotsogolera akakweza nyimbo pakati, kapena akapeza piyano yopanda batani, manja amauma. Chonde, miyezi yoyambayi musaligwire. Mukakhazikika mu C, pitani ku G komwe F amakhala sharp, kenako ku F komwe B amakhala flat. Dziwani kuti mu F dzanja lamanja limayenda 1 2 3 4 1 2 3 4.

Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha: zisanu za zala, khumi za kachigawo katsopano, zisanu za nyimbo yomwe mwaidziwa. M'mawa kusanatenthe ndi bwino, zala zisanayambe kuterera ndi thukuta. Ngati kiyibodi mulibe, pemphani akuluakulu a mpingo kuti muzigwira ya kutchalitchi kwaya isanayambe, ndipo amene amaiyimbayo aziyang'ana manja anu kamodzi pa sabata.