Matayala a 9.00-16 a Land Rover ya asilikali: tingawapeze bwanji kuno ku Mzuzu?

Bambo ena a ku Luwinga anditumizira funso pa imelo. Ali ndi Land Rover 101 Forward Control, zija zinapangidwira asilikali a ku Britain m'zaka za m'ma 1970. Matayala ake, a 9.00-16, ang'aluka m'mbali, ndipo m'mashopu a m'tauni akuwauza kuti angoika 7.50R16 poti limu ndi ya mainchesi 16 yomweyo. Akufunsa ngati avomere.

Bambo, musavomere. Tayala la 7.50R16 lilowadi pa limuyo, koma ndi lalifupi. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita 800, pamene la 9.00-16 limafika cha m'ma 900. Ndiye kuti difu, chibokosi cha magiya chili pakati pa ekisero kunsi kwa galimoto, itsika ndi masentimita pafupifupi 5, zomwe mudzazimva pa msewu wa ku Nyika nthawi ya dzinja. Injini ya V8 ija izizungulira kwambiri pa liwiro lomwelo, petulo azipita wambiri, ndipo sipidomita izikunamizani.

Saizi yanu sinatheretu, inangosintha kalembedwe. Funsani 255/100R16. Werengani nokha: 100 uja akutanthauza kuti khoma la tayala ndi lalitali mofanana ndi mulifupi mwake, mamilimita 255, ndiye 255 kawiri (pamwamba ndi pansi pa limu), kuphatikiza 406 wa limu (mainchesi 16), zikupereka mamilimita 916. Michelin XZL imapangidwa pa saizi imeneyi, ndipo makampani ena akupangabe 9.00-16 yeniyeniyo. Kuno musayembekeze kuyipeza pa shelefu. Muyitanitse kudzera kwa ogulitsa matayala a malole, kapena kwa amene amabweretsa katundu kuchokera ku Dar es Salaam podzera pa Songwe, kapena ku Johannesburg. Powerengera ndalama musaiwale mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA. Gulani asanu nthawi imodzi, a mtundu umodzi, chifukwa limodzi likadzaphulika simudzapeza linzake msanga.

Pamene ndikufuna mutchere khutu ndi pa matayala otsala m'nkhokwe za asilikali, amene amagulitsidwa motchipa akuti "sanayendepo". Mapanga ake amaoneka atsopano, koma labala imakalamba ngakhale itangokhala. Musanalipire, wogulitsa akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha tayala lililonse pamene palembedwa DOT. Manambala anayi omaliza ndiwo tsiku lake lobadwa: 2319 ndi sabata la 23 la chaka cha 2019. Mukaona manambala atatu okha, linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, lisiyeni. Lopitirira zaka 10 nalonso ine sindingakulangizeni kutsika nalo phiri la Chiweta. Labala youma sigwira pa tala wonyowa, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa.

Onaninso chilembo cha R pa saizi ya tayala, chomwe chimasonyeza mmene ulusi wa m'kati mwake unayalidwira. Chikakhalapo ndi radial, pakakhala kamzere kokha ndi crossply, ndipo awiriwa sasakanizidwa pa ekisero imodzi. Pa 101, yomwe mawilo onse anayi amakoka nthawi zonse, onse akhale ofanana mtundu ndi kutalika komwe. Akasiyana, difu yapakati, yomwe imagawa mphamvu ku mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo, imagwira ntchito osapuma, ndipo mukailoka zitsulo zimalimbana mpaka china chithyoke.

Malimu anu asamalireni, chifukwa ali ndi mabowo 6 ndipo a Land Rover zinazi, a mabowo 5, salowa. Chotsani dzimbiri ndi bulashi ya waya, pakani penti, ikani machubu atsopano a saizi yake. Chubu chaching'ono chimatanuka mpaka kupyapyala, chachikulu chimapindika ndi kudzibowola chokha. Ngati tayala ndi la radial, chubunso chikhale cha radial, ndipo matulani timapepala tomatidwa m'kati mwa tayalalo poti timakhula chubu.

Wina akakubweretserani tayala kapena limu yolembedwa 16.5, ikaneni. Theka la inchilo limapangitsa kuti tayala lisakhale bwino pa limu, ndipo limatha kuphulika popopa mpweya n'kuvulaza wopopayo.