Akalulu a mimba imodzi akayamba kulumana

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa za akalulu ake awiri aamuna, obadwa mimba imodzi, amene akwanitsa miyezi inayi. Akuti ali aang'ono ankagona mounjikana, koma masiku ano ayamba kukwerana, kuthamangitsana ndi kuwazirana mkodzo, ndipo m'mawa wina anapeza ubweya uli mbwee m'khola, khutu la mmodzi likutuluka magazi. Akufunsa ngati awasiye kuti athane okha kapena awalekanitse.

Alekanitseni lero lomwe, musadikire ndewu ina. Akalulu anuwo atha msinkhu. Kalulu wamwamuna machende ake amatsika akakwanitsa masabata 10 mpaka 12, wamkazi amakhwima pakati pa miyezi 3 ndi 6 malinga ndi mtundu wake, ndipo mahomoni (timadzi ta m'thupi tobweretsa chilakolako chokwerana) akayamba kugwira ntchito, ubwenzi wa paubwana umatha, aliyense n'kumaona mnzake ngati wodzamulanda malo. Kukwerana pakokha si ndewu, chifukwa ngakhale akazi okhaokha amakwerana pofuna kusonyeza wamkulu. Choopsa ndi pamene agwirana n'kumagubuduzika pamodzi akulumana ndi kumenyana ndi miyendo yakumbuyo, pakuti aamuna amalunjika pamimba ndi pamachende a mnzawo. Mukaona zotere musalowetse dzanja, kuopa kulumidwa. Ikani thabwa pakati pawo kapena aponyereni thaulo. Khutu lovulalalo akalione dokotala wa ziweto, chifukwa bala la kalulu limatseka msanga pamwamba koma mkati n'kusanduka chotupa cha mafinya olimba, chovuta kuchiza.

Makola awiriwo akhale moyandikana kuti azionana ndi kununkhizana, koma musiye mpata pakati pa mawaya, poti kalulu amatha kuluma mphuno ya mnzake kudzera pabowo laling'ono.

Kulekanitsa kumangoteteza, chimene chimachepetsa vutoli ndi kufula onse awiri. Ena amafula mmodzi yekha, wovutayo, poganiza kuti winayo ndi wofatsa, koma ine ndimaona kuti kumeneko n'kutaya nthawi, chifukwa wotsalayo apitiriza kuputa mnzake. Funani dokotala wozolowera akalulu, ndipo musawamane chakudya opaleshoni isanachitike monga zimakhalira ndi agalu. Kalulu sasanza, ndipo matumbo ake akakhala opanda kanthu amaima kugwira ntchito, zimene zingamuphe. Pachifukwa chomwecho, akabwerako onetsetsani kuti wayamba kudya udzu ndiponso akuchita zitosi. Akapitirira theka la tsiku osadya, bwererani naye kwa dokotala.

Pano ndi pamene ambiri amapupuluma. Mahomoni sachoka m'thupi tsiku la opaleshoni, amatenga masabata 4 mpaka 8 kuti aphwe, choncho pitirizani kuwasunga padera. Ndionjezepo kwa amene ali ndi wamwamuna ndi wamkazi kuti wamwamuna wofulidwa angathe kuperekabe bere mpaka masabata 6, bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31 okha, ndipo ubale suwaletsa kukwerana. Wamkazinso ndi bwino kumuchotsa chiberekero, chifukwa akazi osachotsedwa ambiri amadwala khansa ya chiberekero akamakula, ndiponso amavutika ndi bere labodza, mpaka kumazula ubweya wawo kumanga chisa chopanda ana, n'kumalusa.

Nthawi yodikira ikatha, akumanitseni ngati alendo, pamalo pamene palibe aliyense mwa iwo anakhalapo. Masiku angapo izi zisanachitike muziwasinthanitsa makola, kuti aliyense azolowere fungo la mnzake. Pamalo okumaniranapo unjikani udzu wouma pakati, ndipo katoni iliyonse yobisalamo ikhale ndi makomo awiri kuti wina asapanikizidwe pakona. Yambani ndi mphindi zochepa, inu muli pomwepo ndi thabwa m'manja, kenaka muziwonjezera tsiku ndi tsiku. Kuthamangitsana pang'ono ndi kuthothola ubweya apo ndi apo musakuope, koma mukaona mchira wadzuka, makutu agonekedwa kumbuyo, ndipo ayamba kuzungulirana mwaliwiro, alekanitseni asanagwirane. Akamadya moyandikana osasamalana, zinthu zikuyenda. Chizindikiro chenicheni ndi pamene mmodzi aweramitsa mutu n'kuulowetsa pansi pa chibwano cha mnzake, mnzakeyo n'kuyamba kumunyambita pamphumi ndi m'makutu. Akamachita zimenezi kwa masiku angapo popanda chipolowe, tsukani khola bwinobwino kuti fungo lakale lichoke, muwalowetse limodzi, ndipo kuyambira pamenepo musawasiyanitsenso, ngakhale popita kwa dokotala.

Komabe sindingakulonjezeni kuti anuwa adzagwirizananso. Aamuna awiri ndi ovuta kuwayanjanitsa, makamaka ngati anatulutsanapo magazi, popeza kalulu sakhululuka msanga. Mukayesa kwa miyezi ingapo iwo n'kumagwiranabe, musawakakamize. Aliyense akhale ndi khola lake, ndipo ngati malo alipo, mumupezere mnzake wamkazi wochotsedwa chiberekero, chifukwa awiri otere ndiwo kawirikawiri amakhalitsana mwamtendere.